Achimwene, tatulukani, mwana alankhule yekha

Lachiwiri lapitali ndinatulutsidwa m'chipinda cha namwino. Wonditulutsa sanali namwinoyo. Anali mlongo wanga, mayi amene sikola anailekezera mu segunda, kalasi yachiwiri, amene chibadwire sanandikwezerepo mawu.

Nkhaniyi ndikuilemba mwini wake atandilola. Anangoti, "Lembani achimwene, koma dzina la mwana musinthe." Ndiye mwanayo timutche Zeliya.

Zeliya ndi mwana wa mlongo wangayo. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ali mu oyitava, kalasi yachisanu ndi chitatu. Amakhala kumidzi ya ku Chidzolomondo, kwathu kwenikweni, pomwe ine ndinakhazikika kuno ku Furancungo nditapuma ntchito ya uphunzitsi. Pa mwambo wathu ine ndine mtsibweni wake, mwini mbumba. Mwana akadwala, akalakwa pamudzi, akafunsiridwa mbeta, uthenga umayamba wafika kwa ine. Udindo umenewu ndimaunyadira, ndipo sabata ino ndaona kuti ndimaunyadira mopitirira.

Mwanayu anali wolongolola. Ukamafika pakhomo pawo unkayamba kumva mawu ake usanaone denga. Ankaimba kwaya, ankakangana ndi ang'ono ake, ankandifunsa mafunso a masamu mpaka ine ndinkanamizira kutopa.

Kuyambira nthawi yothyola fodya, mawu aja anazima. Chakudya ankangochitosatosa. Ku sikola ankapita lero, mawa ayi, kenako anasiyiratu. Kwaya anasiya. Tsiku lonse ankakhala kuseri kwa chigafa, atatsamira mtengo, osagona, osachita kanthu. Ukamufunsa, yankho linali limodzi: mutu.

Bambo ake, mlamu wanga, anati ndi ulesi, mwina pali kamnyamata kamusokoneza. Amayi a ku tchalitchi anabwera kudzapemphera. Ena anayamba kutchula mayina a asing'anga. Ine, monga wophunzira wa pabanja, ndinagamula kuti tipite kuchipatala. Pamenepo sindinalakwe. Kulakwa kwanga kunayamba titalowa m'kati.

Chipatala chake ndi chaching'ono, cha kufupi ndi kwawoko. Sindichitchula dzina, chifukwa anthu a pamenepo alibe mlandu. Namwino wake ndi mtsikana wochokera chigawo china, Chichewa akuphunzira kumene. N'chifukwa chake mlongo wanga ananditumizira uthenga: mubwere, inu odziwa Chipwitikizi.

Ulendo woyamba ndinakwera mota, njinga yamoto ija, m'mamawa, ndinavala jekete. Tinaima pa bisha, mzere uja wodikira, mpaka dzuwa linakwera. Titalowa, namwino anayang'ana Zeliya n'kufunsa chimene chikumuvuta. Zeliya anazyolika. Ine ndinayankha. Mutu, kufooka, kusafuna kudya. Anamuyeza malungo, sanapezeke. Anatipatsa mapiritsi a mutu.

Tisanatuluke namwino anafunsa ngati pali china chimene tasiya. Ndinati, "Só isso." Ndi zokhazo basi.

Patapita masabata atatu tinabwereranso. Funso lomwelija, woyankha yemweuja. Ulendo uno namwino anati mwina magazi ndi ochepa, anatipatsa mapiritsi owonjezera magazi. Anafunsanso ngati pali china. Ndinabwerezanso kuti ndi zokhazo.

Mukudziwa chimene ndinkaganiza ndikumuona Zeliya atazyolika, manja ali pamaondo? Ndinkati mumtima, mwana woleredwa bwino. Salankhula pamaso pa akulu. Ndinkafuna kuti namwinoyo aone kuti kwathu ana timawaphunzitsa ulemu.

Lachiwiri lapitali unali ulendo wachitatu. Tikuyenda wapansi kuchokera kunyumba kwawo, Zeliya ali patsogolo, mlongo wanga anandigwira jekete kuti titsalire pang'ono.

"Achimwene, pali zimene sindinakuuzeni. Lamulungu mwanayu watenga nsapato zake za ku tchalitchi, makaderno ake olembamo ku sikola, ndi nsalu ya kapulana ija munamugulira, wapatsa mng'ono wake zonse. Akuti iye sadzazifunanso."

"Ana amapatsana zinthu," ndinatero.

"Dzulo tikusankha fodya wandiuza kuti, amayi, ine ndikanapanda kukhalapo bwenzi mukupuma. Wanena mofatsa, ngati akunena za mvula."

Ndinaima pamsewu. Mantha anandigwira, sindikana. Koma mantha anga anathamangira kolakwika. Sindinaope kuti mwana afa. Ndinaopa kuti anthu amva.

"Zimenezo usakazitchule kumeneko," ndinamuuza. "Akazilemba pa karitau, kakhadi ka kuchipatala kaja, mwanayu adzatchedwa wamisala mpaka kalekale. Adzamukwatira ndani? Za m'nyumba tidzakambirana kunyumba. Kumeneko undisiyire ine."

Mlongo wanga anangopitiriza kuyenda. Ine ndinayesa wavomera.

Titalowa, namwino anatizindikira. Anatenga karitau, anawerenga zimene analemba maulendo awiri aja, n'kuyang'ana Zeliya. Ine ndinakonza pakhosi, ndinayamba: mutu ukupitirira, chakudya...

"Achimwene, tatulukani."

Ndinacheuka. Ndinayesa pali wina walowa.

"Tatulukani," anabwereza mlongo wanga. Maso ake anali pa ine. "Mwana uyu mwamulankhulira kawiri. Kawiri konse tabwerera ndi mapiritsi. Lero alankhule mwini wake, ndipo ine ndinena zimene ndaona."

"Akumvera ndani? Chipwitikizi ukuchidziwa iwe?"

"Ndilankhula Chichewa changa chomwechi. Akapanda kumva aitana womva. Koma inu ayi."

Namwino sanamve mawu onse, koma anamva zokwanira. Anaimirira, anaitana mayi wina wogwira ntchito pomwepo amene ndi wa komweko kuti azimasulira, n'kunditsegulira chitseko mwaulemu. Ndinatuluka ndi jekete langa ndi Chipwitikizi changa.

Ndinakhala pa benchi panja pafupifupi ola lathunthu. Anthu a pa bisha ankandiyang'ana, ena ankandidziwa, ndinawaphunzitsira ana. Ndinali wokwiya, ndisaname. Ndinkakonza mawu okamudzudzula mlongo wanga tikafika kunyumba. Patapita nthawi nayenso anatuluka, maso ali ofiira, n'kukhala pambali panga. Namwino anali atapempha kuti atsale ndi Zeliya ndi womasulira uja basi.

Atatiitananso, pa tebulo panalibe mapiritsi a mutu. Panali giya, kalata ija yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu. Namwino anati mwanayu akaonedwe ndi tekiniku wa matenda a maganizo, ndipo akaonedwe mawa lomwe, osati sabata ya mawa. Anati kufikira nthawi imeneyo asamasiyidwe yekha, ndipo mankhwala onse a kumunda ndi a kudimba achotsedwe pakhomo. Anati zikasintha mwadzidzidzi tisadikire tsiku la pa kalata, tithamangire kuchipatala chilichonse chapafupi.

Kenako anandiyang'ana ine. Sanakalipe. Anangoti, "Senhor professor, ndinakufunsani kawiri konse ngati pali china."

Ankanena zoona. Anandifunsadi.

Tsopano ndifunse inu owerenga. Mwana wanu akadwala, mukalowa naye m'chipinda chija, amalankhula ndani?

Ndikudziwa yankho, chifukwa ndaima pa mabisha ambiri. Kwathu kuno kwa Achewa amalankhula mtsibweni. Kwawo kwa mkazi wanga ku Ntengo-Wambalame, kwa anthu a ng'ombe aja, amadikira bambo kapena akuchimuna. Miyambo ndi iwiri, koma zotsatira zake ndi zimodzi. Amene amagona nyumba imodzi ndi mwana, amene amaona mbale ikubwerera ndi chakudya, amalankhula pomalizira. Mwana mwini wake salankhula n'komwe.

Pa malungo mwambo umenewu suvulaza kwenikweni. Ngakhale mtsibweni aname, magazi amanena zoona. Chilonda chimaoneka, chifuwa chimamveka. Koma matenda a maganizo alibe kachipangizo kobaya pachala. Namwino amawapeza m'mawu, a mwana ndi a amene amakhala naye. Mukatseka mawuwo mwatseka zonse, ndipo namwino achiza chimene mwamuuza. Ine ndinamuuza mutu, iye anachiza mutu.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife mwambiwu timaudziwa bwino, koma pa ana timautembenuza. Womva m'mimba timamukhazika pansi, wina amene wadya bwino n'kumafotokoza ululu wake.

Ndipo pali china chimene anzanga a msinkhu wanga tiyenera kuvomereza. Ambiri a ife tinakulira ku Malawi, kothawira nkhondo. Tinaona zinthu zimene mwana sayenera kuona, ndipo palibe anatifunsa kuti mumtima muli bwanji. Tinabwerera nkhondo itatha, tinagwetsa mitengo m'masala, tinamanga, tinalima. Tinaphunzira kuti munthu amalimba, salira. Ndiye mwana wa lero akati mtima wake walemera, timamuyeza ndi muyezo wathu uja. Iwe wadya, wagona m'nyumba ya malata, uli ndi nsapato, chakulemera n'chiyani?

Koma tinapiradi bwino tonsefe? Werengani anzathu amene tinabwerera nawo. Angati anathera mu kachasu? Angati anangosanduka anthu aukali amene ana awo amathawa akamva mapazi? Mayina mukuwadziwa, sindikufunika kukutchulirani.

Lachiwiri lomwelo mlongo wanga ndi Zeliya anakwera nane shapa, minibasi ya kwathu kuno, kubwera ku vila ya Furancungo, anagona kwathu. Mlamu wanga, uja ankati ndi ulesi, atamva zimene namwino wanena sanatsutse. Ndamva kuti anatenga mabotolo onse a mankhwala a fodya, anawamanga m'thumba, n'kukawasiya kwa mkulu wake kutsidya kwa dambo. Anthu ena kupepesa kwawo n'kumeneko.

Lachitatu m'mawa tinapita kuchipatala chachikulu ndi giya yathu. Tinalozeredwa chitseko china, tinachipeza chotseka. Ine ndinagogoda kamodzi, ndinadikira pang'ono, n'kunena kuti tibwerenso tsiku lina. Kunena zoona, sindinkafuna kuti anthu a pa vila andione nditakhala pa chitseko chimenecho. Pano aliyense amadziwa aliyense.

Mlongo wanga anayala kapulana pansi n'kukhala. Namwino wina akudutsa, anamuimitsa, anamuonetsa giya.

"Pepani amayi, pepalali akuti lero. Mwini chipindachi abwera nthawi yanji? Ngati sabwera, angatione ndani?"

Anamuuza kuti tekiniku ali ku odwala ogonekedwa, abwera posachedwa. Anabweradi. Ndikanakhala ndekha ndi mwanayo, bwenzi titabwerera kunyumba, ine n'kumauza anthu kuti tinapita koma tinapeza kotseka.

Tekinikuyo ndi bambo wofatsa, Chichewa amachimva. Anacheza ndi Zeliya payekha nthawi yaitali, kenako ndi mayi ake, kenako tonse. Zimene Zeliya anamuuza sindikuzidziwa zonse, ndipo ndaphunzira kuti si zonse zimene ndiyenera kudziwa. Anatiuza dzina la matendawo, depressão, kukhumudwa kozama kumene kumakhalitsa mpaka munthu kulephera kudya, kuphunzira, ngakhale kufuna moyo. Anati si ulesi, si mwano, ndipo si misala imene ife timaiopa ija. Anati amagwira ana ngati mmene amagwirira akulu, ndipo amachizika, koma osati tsiku limodzi.

Ine ndinafunsa funso la mtsibweni: wachititsa ndani? Ndinkafuna munthu woti ndikamuzenge mlandu. Iye anati nthawi zina pamakhala chimene chachitika, nthawi zina zimaunjikana zing'onozing'ono, ndipo kusaka wolakwa si ntchito ya sabata ino. Ntchito ya sabata ino ndi yoti mwana akhale moyo ndipo abwerenso pa tsiku limene walemba.

Mlongo wanga ndiye anafunsa mafunso enieni. Ndinakhala ndikumvetsera mayi wosadziwa kulemba akuchita zimene ine mphunzitsi ndinalephera. Anafunsa kuti matendawa awatchulenso dzina, pang'onopang'ono, mpaka analigwira. Anafunsa ngati pali mankhwala, ndipo atamva kuti ayamba ndi kucheza naye kaye n'kuona mmene zikuyendera, anafunsa kuti adzadziwa bwanji ngati sizikuyenda. Anafunsa zizindikiro zoti akaziona asadikire. Ananena poyera kuti kwawo n'kutali, shapa siipezeka tsiku lililonse, mvula ikagwa msewu umavuta, ndiye kodi maulendo ena sangachitikire kuchipatala chaching'ono chija? Tekiniku anati alemba kalata yopita kwa namwino uja kuti azithandizana. Pomaliza anamupempha kuti tsiku lobwereranso alilembe pa karitau ndi zilembo zazikulu, kuti mwana wina aliyense wa sikola akathe kumuwerengera.

Palibe funso limodzi mwa amenewa lofuna Chipwitikizi. Onse amafuna munthu amene wasankha kuti kuli bwino achite manyazi kusiyana n'kuika maliro. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, timatero tikamaseka ana amene akukana chakudya kwa eni. Sindinkadziwa kuti mwambiwu ungadzandipeze ine pa msinkhu uno.

Kwa makolo amene mukuwerenga muli ndi mwana amene wasintha, ndilibe nzeru zanga zokupatsani. Ndili ndi za mlongo wanga.

Mukapita kuchipatala, nenani zimene mwaona ndi maso, osati dzina la matenda limene mwaganiza. Musangoti mutu. Nenani kuti wasiya sikola kuyambira mwezi wakuti, sakudya, sakucheza ndi anzake, amalira popanda womumenya, kapena wasanduka waukali. Ngati wanenapo mawu okhudza imfa, kapena wayamba kugawa zinthu zake, yambani ndi zimenezo, musazisungire kumapeto. Mwana wonena mawu otere sakufuna kukuopsezani. Ndipo kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, tekiniku uja anatitsimikizira. Kumamupatsa mpata wotula.

Pemphani kuti mwana atsale yekha ndi namwino kwa kanthawi. Pali zinthu zimene mwana sanganene mtsibweni ali pompo, ngakhale mtsibweniyo akhale wabwino chotani. Nthawi zina chimene chikumudya chili m'nyumba momwemo, kapena ku sikola, ndipo wamkulu amene wamuperekeza ndi mnzake wa wochititsayo.

Ngati mwapita kawiri katatu, malungo sakupezeka, mwana sakusintha, funsani mosazungulira: kodi pali woona za maganizo amene mungatitumizeko? Pemphani giya. Kufunsa si mwano. Anamwino athu amaona anthu ochuluka pa tsiku, sangalote zimene simunanene. Safunsa anadya phula.

Za mapemphero, pempherani. Amayi a ku tchalitchi aja akupitabe kwa mlongo wanga, ndipo iye akuti amamulimbitsa mtima. Koma mwana akathyoka mwendo timapemphera tili pa njinga kupita kuchipatala. Apanso zikhale chimodzimodzi.

Ku sikola nako kufunika kupitako. Lachisanu ndinapita ndekha kukaonana ndi mphunzitsi woyang'anira kalasi ya Zeliya. Apa ndiye jekete langa linagwira ntchito yake yoyenera. Ndisanapite ndinamufunsa Zeliya zimene akulola kuti ndikanene, ndipo ndinanena zokhazo: kuti mwana akudwala, akulandira chithandizo, asafufutidwe m'kaundula, ndipo akadzabwerera asadzamuimike kutsogolo kwa anzake kuti afotokoze komwe anali. Mphunzitsiyo anati anaona kuti mwanayu wasintha, koma anaganiza kuti makolo amutsekera kumunda wa fodya ngati ana ena ambiri nyengo ino. Mwaona? Aliyense anaona, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake chokhalira chete.

Ine ndinaphunzitsa zaka zambiri. Ndikakumbukira ana amene ankakhala kumbuyo kwa kalasi ali phee, amene ndinkawayamikira kuti savuta, ena n'kuzimiririka pakati pa chaka ine n'kungolemba kuti asiya, mtima umandiwawa. Sindikudziwa kuti angati mwa iwo anali ngati Zeliya.

Kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma athu a Macanga ndi Tsangano ndili ndi pempho limodzi, losafuna nyumba yatsopano. Tiuzeni kuti anthu amenewa alipo. Ine ndakhala pa vila pano zaka zonsezi, ndimadutsa pa chipatala popita kumsika, koma sindinkadziwa kuti kuseri kwa chitseko chija kuli munthu amene ntchito yake ndi kumvetsera ana ngati Zeliya. Nanga mayi wa kumidzi ya kutali adziwa bwanji? Za katemera mumalengeza m'matchalitchi, m'misika ndi pa wailesi, ndipo timabwera. Lengezaninso izi. Magulu anu akamapita kumidzi kukayeza ana sikelo, woona za maganizo azipita nawo nthawi zina. Mayi wa ku Chidzolomondo asamachite kutaya masiku awiri a ntchito ndi kugona kwa achibale kuti mwana wake amvedwe.

Musaganize kuti nkhaniyi yatha bwino. Siinathe. Zeliya akadali wofooka, akudya pang'ono, ku sikola sanabwerere. Mayi ake anakatenga nsapato zija kwa mng'ono wake n'kuziika pafupi ndi mphasa yake. Sanazivalebe. Tsiku lobwereranso kuchipatala lili pa karitau, ndipo mwini mota ndalankhula naye kale. Chimene chasintha n'chakuti tsopano tikudziwa chimene tikulimbana nacho, ndipo mwanayo sakulimbana nacho yekha.

Za kutchedwa wamisala zija, zoti adzamukwatira ndani, ndimachita manyazi ndikazikumbukira. Ndinali kuteteza ukwati wa mwana amene sankaona ngati afika mwezi wa mawa.

Lachinayi, asanakwere shapa kubwerera kwawo, ndinamupeza Zeliya atakhala pakhonde pathu, akuyang'ana anthu opita kumsika. Ndinakhala pansi pafupi naye, osati pampando. Mawondo anga anadandaula, koma ndinakhala.

"Zeliya, uli bwanji?"

"Ndili bwino, atsibweni."

Kale ndikanati chabwino, n'kuyamba kumupatsa malangizo. Ulendo uno ndinatseka pakamwa. Kukhala chete ndi ntchito yovuta kwa mphunzitsi. Panapita nthawi ndithu.

"Sindili bwino kwenikweni," anatero. "Koma dzulo ndinagona."

Ndinamufunsa chimene chinkandivuta chiyambire Lachiwiri. "Mwana wanga, maulendo awiri aja namwino ankafunsa iwe. Unalekeranji kunena?"

Anandiyang'ana, koyamba pa miyezi itatu. Munalibe mkwiyo m'maso mwake, ndipo ndikanakonda mukanakhala mkwiyo.

"Ndinkadikira kuti mumalize kulankhula, atsibweni."

Ndife tinamuphunzitsa zimenezo. Wamkulu akamalankhula, mwana amadikira. Anadikira miyezi itatu, ndipo pakanapanda mayi ake kunditulutsa, sindikudziwa ngati akanakhalapo pa tsiku limene ine ndikanamaliza.

Kwanuko, mwana uja mumamuyamikira kuti ndi wofatsa masiku ano, akudikira kuti amalize kulankhula ndani?